Zomwe Zinatseka Paipi

Chimbudzi cha m'nyumba chinatseka Lachiwiri m'mawa, madzi n'kubweza zonse zomwe anameza mpaka pakhomo la bafa. Mayi ake Kanyerere, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anaima kuseri kwa nyumba atatseka mphuno ndi mpango, kuonerera pulambala akusolola ndodo zake zachitsulo m'dzenje la paipi.

Za m'chimbudzi anali atatopa nazo kale. Kanyerere, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, anali atatha miyezi isanu ndi itatu akutsegula m'mimba, nthawi zina za magazi, mpaka siketi ya kusukulu ankaigwiritsa ndi pini. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, a kamwazi, kenako a TB, koma ayi ndithu, mwana kumangotha ngati sopo.

Dokotala wa ana anawauza kuti pali matenda ena, oti matumbo amatupa n'kuchita zilonda popanda kachilombo kalikonse. Sapatsirana, koma ena amabadwa osachedwa kugwidwa nawo, kutengera kwa makolo. Kuti atsimikize ankafunika kuona m'matumbo ndi kamera, ndipo mzere wake unali wautali. Pakanakhala wachibale wodwala chimodzimodzi, mwanayo akanamupititsa patsogolo.

Katatu konse dokotalayo anafunsa. Katatu konse bambo ake Kanyerere, mphunzitsi wa masamu, tayi ili pakhosi, anayankha kuti, “Kwathu kulibe zimenezo, adokotala,” uku akuponya diso kwa mkazi wawo. Ndiye mayi wa anthu anayamba kuimbira abale ake mmodzimmodzi, kufunsa akuluakulu momwe amachitira akapita kukadzithandiza. Azakhali ake anamudulira foni.

“Chabwera,” anatero pulambala.

Anakoka chimtolo chakuda, chotupa, chikuchucha, n'kuchigwetsera pa thumba lomwe anayala pansi. Ntchentche zinafika ngati zaitanidwa. Anachitakasa ndi ndodo, n'kuseka.

“Amayi, mapadi satayira m'chimbudzi. Onsewa? Kapena mukusunga atsikana a sukulu yonse muno?”

Anatukula maso, anaona mimba ya mayiyo, kuseka kuja n'kuthera pomwepo. Anayamba kupukuta ndodo zake mwakhama ngati wina wamutuma.

Mayi ake Kanyerere anali atasiya kugula zimenezi miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Mwana anali asanathe msinkhu. Wantchito analibe, mlendo sanagonepo chaka chino. M'nyumbamo ankakhala anthu atatu basi.

Apa m'pamene zinthu zinayamba kulumikizana. Mpopi wa kubafa womwe unkangothamanga bamboyo akalowa. Mabuluku akuda okhaokha, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Makabudula am'kati omwe ankachapa okha, n'kuyanika kuseri kwa chitseko. Ndipo mayiyo, chitsiru chenicheni, ankanyadira kwa anzake kuti wanga ndiye ndi waukhondo, salola mkazi kumuchapira. Anasanza patsinde pa mpanda, ndipo sichinali chifukwa cha fungo.

“Ndikataye kuti?” pulambala anafunsa chapansipansi.

“Zisiyeni pomwepo. Mwini wake akubwera.”

Bamboyo anafika cha m'ma thuu koloko, choko chili m'zala. Anapeza mkazi wawo atakhala pampando pafupi ndi thumba lija. Anayang'ana kamodzi kokha, nkhope n'kugwa.

“Zaka zingati?” mayiyo anafunsa.

“Chiyambire ku koleji. Zimabwera, zimapita.”

“Ndiye dokotala uja ankafunsa galu?”

“Mayi ake mwana, tamvetsani. Munthu wamkulu ngati ine, ndikaime pamaso pa dokotala wamkazi, ndinene kuti ndimavala zimenezi pokaphunzitsa? Mukanandiona bwanji inuyo?”

“Magazi sandinyansa, ndachapa a mwana wanu miyezi isanu ndi itatu. Chondinyansa ndi inu. Mwana kumwa mankhwala a TB alibe TB, ine kudanitsidwa ndi abale anga, inu muli phee ndi tayi yanuyo.”

“Sindinkadziwa kuti ndi matenda amodzi.”

Chitseko cha kukhitchini chinalira. Kanyerere anali ataima pamenepo atagwirira felemu, timiyendo ngati timitengo ta tsache.

“Amayi, musawakalipire adadi. Ena mwa amenewo ndi anga.”

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono.

“Ankandigawira. Anati matenda athu ndi amodzi, ndisaope, ndizingotsegula mpopi kuti inu musamve. Anati ndi chinsinsi cha ife awiri.”

“Kuyambira liti, mwanangu?”

“Ndili sitandade thuu.”

Kanyerere anali sitandade folo. Chaka chathunthu ndi miyezi mwana anataya magazi m'nyumba momwemo, mayi ake akumva mpopi n'kumati watengera ukhondo wa bambo ake.

Mayiyo anadzuka movutikira, dzanja lina litachirikiza mimba momwe munali winanso wa magazi omwewo. Anawerama, anamanga thumba lija kukamwa ndi manja awo, madzi akuda akuyenderera m'zala. Analikokera pamapazi pa mwamuna wawo, mpaka linanyowetsa nsapato zopolisha zija.

“Nyamulani. Dokotala amaweruka folo koloko.”