Mwaye pa Chithunzi

Hamisi anali atapukuta galasi la chithunzicho katatu, koyamba ndi nsalu youma, kenako ndi madzi a sopo, pomaliza ndi parafini, koma mwaye sunachoke chifukwa unali mkati. Unalowera pamng'alu wa pakona n'kukamatirira papepala penipeni. Nkhope ya a Pulezidenti inali itada kuyambira pachibwano mpaka kukhutu, ngati kunsi kwa poto.

Hamisi anali telala ku Ndirande, ndipo ankasokera m'chipinda chakutsogolo cha nyumba yomwe ankakhala. Nyumbayo anaimanga kalekale kapitawo wina amene anagwirapo ntchito kwa azungu ku Nyambadwe. Potengera mabwana akewo, anaikamo malo osonkhapo moto m'khoma, ndi chumuni chotulukira padenga. Zaka ziwiri zathunthu Hamisi sanasonkhepo moto pamenepo, ankangosungapo dengu la zidutswa za nsalu. Pamwamba pake, pakhoma la chumuni loyang'ana pakhomo, ndi pamene panali chithunzicho, monga zinkafunikira pamalo alionse a malonda masiku amenewo. Amene anachipachika ndi manja awo anali a Blackson, tcheyamani wa chipani m'deralo.

Ndiye mu Juni wa 1979 kunagwa chiperoni cha masiku anayi, chija chimabisa phiri lonse la Ndirande. Mayi ake a Hamisi, a Mwanamisi, anali atabwera kuchokera ku Namwera kudzaonana ndi adokotala chifukwa cha mphumu. Kuchipatala anamuuza Hamisi mawu awiri okha: gogoyu asazizidwe, komanso mbaula isalowe m'nyumba chifukwa mpweya wa makala ungawatseke pachifuwa. Mabulangete awiri a m'nyumbamo sanathandize. A Mwanamisi ankanjenjemera mpaka mano kugundana, ndipo chifuwa chawo chinkalira ngati mwana wa mphaka.

Apa ndi pamene Hamisi anakumbukira chumuni. Nkhuni za bulugama zomwe anagula zinali zonyowa, zinkangotuluka thovu. Telala akasowa choyatsira amayang'ana pansi pa makina, ndiye anatapa zidutswa za nayiloni ndi tetironi n'kuziponya pamoto. Chimene anaiwala n'chakuti mu Disembala iye yemwe anakwera padenga n'kutseka chumunicho ndi lata, n'kutsindira njerwa ziwiri, kuti mvula isamadonthere pansalu za makasitomala. Utsi wakuda wonona unakwera, unapeza njira yotseka, unabwerera m'nyumba. Mmene ankawatulutsa mayi ake panja akutsokomola, n'kuthira madzi pamotopo, khoma linali litada kale.

M'mawa mwake anaitana a Laurenti, mmisiri womanga nyumba amene ankakhala kuseri kwake. A Laurenti anabwera ndi makwerero, chingwe ndi chiguduli, akuseka kuyambira kumpanda.

"Che Hamisi, munthu kutseka pakamwa pa mnzako kenako n'kumuuza kuti aimbe? Walira mvula walira matope, achimwene. Moto ndi utsi amayendera limodzi."

Anakwera padenga, anachotsa lata lija, anamanga njerwa m'chiguduli n'kumaitsitsa ndi chingwe m'chumunimo, kukoka n'kutsitsa, kukoka n'kutsitsa. Pansi panagwa mwaye wodzaza ndowa, chisa chakale cha mbalame ndi matope a mavu. Atatsika anayatsa kapepala n'kukagwira kukamwa kwa chumuni, ndipo lawi linawerama kuloza m'mwamba. Anamuuza Hamisi kuti azichita zimenezo asanasonkhe moto, kuti azisesa chumunicho chaka chilichonse nyengo yozizira isanafike, kuti nkhuni zikhale zouma, ndipo nayiloni ndi wovala, si wosonkhera. Anakatenga nkhuni zouma kwawo n'kusonkha okha. Moto unayaka mwaulemu, utsi wonse n'kumapita kwawo.

A Mwanamisi anakhala pamkeka pafupi ndi motowo, anatambasula miyendo, ndipo posakhalitsa anayamba kusinza masana dzuwa lisanapendeke. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo chifuwa chawo chinakhala chete. Hamisi anawayang'ana ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

Kenako anatulutsa chithunzi chija pansi pa tebulo lodulirapo nsalu n'kuwaonetsa a Laurenti. Nthabwala zinathera pomwepo. A Laurenti anasuzumira panja, anakankha chitseko, n'kufunsa motsitsa mawu ngati pali wina amene waona. Anayesa kuganiza limodzi, koma njira iliyonse inali ndi minga. Kuchipachikanso chili chonchi kunali kudziitanira anyamata a yufi. Kusiya khoma lopanda kanthu kunali chimodzimodzi. Kuchiotcha kapena kuchikwirira, Hamisi sanafune n'kumva komwe, chifukwa a Blackson akanafunsa kuti chija ndinapachika ine chili kuti. Anthu ankanong'onezana za amuna amene anatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ena osabwerako.

"Chumuni ndimachidziwa, koma izi zandikulira," anatero a Laurenti, n'kunyamula makwerero awo.

A Blackson anafika tsiku lotsatira kudzatenga thalauzi lawo. Anali munthu wofatsa poyankhula, wa mtundu uja umakupatsa moni wautali uku maso akuyendera nyumba yonse. Anawapatsa moni a Mwanamisi, anaotha manja pamoto, kenako anakweza maso n'kuona msomali uli wokha pakhoma lakuda. Hamisi sanadikire kufunsidwa. Anabweretsa chithunzicho ndi manja awiri n'kufotokoza zonse: chiperoni, mphumu, lata, nayiloni. Anachita manyazi kuti mayi ake akumumva akuyankhula ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

A Blackson anachiyang'ana nthawi yaitali. Ananena kuti Hamisi amamudziwa, khadi la chipani sagona nalo kutali, ndipo misonkhano sajomba. Chithunzi chakudacho achitenga akachisunge kwawo, nkhaniyi siipita kuofesi, ndipo mawa atumiza china chatsopano. Mtima wa Hamisi unayamba kutsika pang'ono.

"Koma pansi pa a Pulezidenti sipayakanso moto," anatero a Blackson.

"Bwana tcheyamani, chumuni chakonzedwa, onani nokha, utsi sukubwereranso. Kapena ndichipachike khoma ilo, mwezi uno wokha, mpaka amayi apeze bwino."

"Khoma ilo ndi lalifupi, ndipo lili kuseri kwa chitseko. Mukufuna anthu azinena kuti Che Hamisi anawasuntha a Pulezidenti kuti mayi awo aothe moto? Ine ndikamva ndikhoza kumvetsa. Nanga anyamata aja?" Anakulunga chithunzicho m'nyuzipepala yomwe munali thalauzi lawo n'kuchipanira m'khwapa. "Pakadafunda padajiwitsa galu, achimwene. Utsi wa padenga umaonekera patali."

Atatuluka, m'nyumbamo munangotsala kuthetheka kwa nkhuni. Hamisi anadziwa kuti chithunzi chakudacho sichidzatayidwa, chidzakhala kwa a Blackson chikudikira tsiku lake. Anaganiza zosamutsa makina, koma chipinda china chinali chogona, chopanda ngakhale windo labwino. Anaganiza zowabwezera mayi ake ku Namwera, koma mankhwala anali kuno. Anakhala pampando wa makina manja ali m'masaya, munthu wamkulu wa zaka makumi anayi, wosatha kuwapatsa mayi ake moto umene unali kuyaka pamaso pake.

"Zimitsa, mwanangu," anatero a Mwanamisi. "Kuzizira ndakhala nako zaka zambiri. Iwe akakutenga, ndidzaotha chiyani?"

Hamisi sanazimitse. Anangosiya kusonkhezera, n'kuulola motowo kuti uthe wokha, mayi ake akusendera pafupi pang'onopang'ono pamene makala ankachepa.

Loweruka m'mawa chithunzi chatsopano chinafika, ndipo Hamisi anapaka laimu khoma lija asanachipachike. A Laurenti anakweranso padenga ndi lata lomwe lija ndi njerwa ziwiri zomwe zija kukatsekanso chumunicho. Sanaseke. Anangosisita mlomo wa chumunicho n'kunena chamumtima kuti chumuni chokoka bwino chonchi sanachionepo mu Ndirande monse.

Chiperoni chinabweranso Lamulungu. Hamisi anabwezera dengu la zidutswa pamalo pake pakale, anasankhamo zokhuthala, n'kuyamba kuzilumikiza pamakina chimodzichimodzi kuti zikhale chofunda. Ankapalasa mwamphamvu, koma phokoso la makina silinathe kubisa chifuwa cha mayi ake, chimene chinali chitayambanso kulira kuseri kwa khoma.