Tsiku Limene Dainess Anataya Madzi a Anthu

Foni inalila Dainess akusenda mango aawisi oti aphike, pakuti chaka chimenecho ku Luembe chakudya chinali chomwecho. Anali Febian, mlongo wake wolima kumtunda, mbali ya Petauke, ndipo ngakhale moni sanapeleke.

"Alongo, kumtsinje kuli anthu?"

"Kungasowe anthu kumtsinje? Timwa chani ife?"

"Achotseni! Kuno mvula yagwa yoopsa, ngati munthu akukhuthula dilamu. Ndili pafupi ndi mlatho, madzi adutsa pamwamba. Anyamula mitengo, mbuzi, ngakhale ngolo ya munthu ndaiona ikupita. Mtsinje ndi womwewu, akubwela kwanuko. Thamangani!"

Foni inaduka. Dainess anayang'ana kumwamba, kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Disembala anali atafika pakati koma dontho silinagwe, dzuwa likungowotcha ngati Okutobala. Komatu Febian sanali munthu wa nthabwala. Mpeni unagwa m'manja mwa Dainess. Mwana wake Eneless, yekhayo amene Mulungu anamusiyila, anali kumtsinje kuyambila m'mawa.

Anathamanga mayi uja, chitenje chili m'manja.

Mtsinjewo unali mtsinje dzina lokha. Zitsime za m'mudzi zitauma, anthu anakumba dzenje pakati penipeni pa mchenga, ndipo mwezi uliwonse ankalizamitsa kutsatila madzi, mpaka munthu akalowa sankaonekanso mutu. Ankatsikila pa makwelelo osema mumchenga momwemo. Pansipo madzi ankatuluka pang'onopang'ono, munthu n'kumadikila ndi kapu. Kunja kunkakhala mzele wa ndowa ndi zigubu, ndipo lamulo linali limodzi: ukachoka, malo ako apita. Wosunga lamuloli anali a Daka, mkulu wa mpingo, amene ankakhala pa chigubu chofudikiza ndi ndodo yawo.

Dainess anayamba kukuwa asanatsike n'komwe. "Chokani! Chokani mumtsinje! Madzi akubwela!"

Azimayi anatembenuka, kenako onse pamodzi anayang'ana kumwamba. Wina anaseka.

"Amake Eneless, mango aawisi aja akukwelani kumutu?" anafunsa Sophia, mayi wa pakamwa pakuthwa amene anali atadzaza ndowa zake. "Madzi achokela kuti, m'thumba mwanu?"

"Ku Petauke! Febian waimba tsopano apa. Kwagwa chimvula, mlatho wamila. Chonde anzanga, kwelani kumtunda!"

"Mwezi watha kunali njovu, lelo kuli madzi," anatelo Sophia. "Mailo mudzatiuza kuti kukubwela mkango."

Apo ndiye panali povuta. Mwezi wapitawo munthu wina anakuwa kuti njovu, anthu n'kubalalika, pobwelela anapeza abale ake atatunga madzi onse. Kuyambila tsiku limenelo palibe amene ankasuntha pamzele, ngakhale utamuuza kuti nyumba yake ikupsa.

Dainess anagwada pamaso pa a Daka. "Bambo, inu akumvelani. Auzeni achoke, ngakhale kwa kanthawi. Ndowa zikhale pomwepo, malo a munthu asatayike."

A Daka anapukusa mutu mwachifundo, chifundo chopsetsa mtima chija. "Amai, ine ndabadwila pano. Mtsinje uno sudzala mvula isanagwe kwathu, umayamba wanyowa kaye. Zija za pa wailesi zakuopsani, zoti nyengo yasintha, nyengo yasintha. Ikasintha ndiye ife titani? Awa ndi masiku otsiliza. Chimene Mulungu walemba, muthawe musathawe chikupezani."

"Awe, a Daka, za masiku otsiliza zisiyeni," anayankha mayi wina kumbuyo. "Ndi makala awa. Mapili onse ameta mpala."

"Makala a ndani? Amuna ako saotcha?"

"Ndi utsi wa mafakitale a kunja, anatelo alendo aja anabwela ndi galimoto."

"Ndiye ukawauze azimitse!"

Anthu inu! Mkangano unabuka pomwepo, wina Mulungu, wina makala, wina azungu, aliyense ali chikhalile pa chigubu chake. Nkhani imeneyi ankaikonda, ankaikamba tsiku ndi tsiku podikila madzi, ndipo inkathela pamodzimodzi, poti palibe chimene munthu wa ku Luembe angachite. Dainess ankangoyang'ana kumtunda kwa mtsinje, pamene mchenga umakhota kuseli kwa mitengo. Kunali zii.

Anathamangila padzenje n'kusuzumila. Eneless anali pansi, atanjuta, kapu ili m'manja.

"Eneless, tuluka!"

"Amama, ndangolowa kumene. Ndakhala pamzele kuyambila m'mawa."

"Ndati tuluka! Ukufuna ndife pano?"

Eneless anali mwana womva, wamanyazi, wosadziwa kubweza mawu. Anakwela ndi ndowa yake ya madzi osafika n'pakati pomwe, n'kuwagwila mkono amake. "Tiyeni kunyumba mukapumule, anthu akutiyang'ana," ananong'ona.

Apa Dainess akanatha kungomukoka mwana wake n'kumapita. Anaganizadi zimenezo, tisaname. Koma anaona ana akusewela pamchenga, anaona mtsikana wa pakati atatsamila chigubu, anaona Sophia yemweyo amene anamusambitsila malilo a mwamuna wake. Sakanatha kuwasiya.

"Tsogola, kwela kumtunda. Ndikupeza."

Anadikila mpaka Eneless atayamba kuyenda. Kenako anapita pamene panandandalikidwa ndowa zodzaza, madzi amene anthu anawadikila dzuwa lonse lija, n'kuponda yoyamba. Khuthu! Mchenga unamwa pomwepo. Anaponda yachiwili, yachitatu, anagubuduza chigubu cha a Daka, ndowa za Sophia anachita kuzinyamula n'kuzitaya.

"Mayo ine, madzi anga!"

"Wapenga! Mgwileni!"

"Mfiti iwe!"

"Bwelani mundimenye!" anakuwa Dainess. "Agalu inu, bwelani!"

Anatola ndodo ya a Daka n'kuliyatsa liwilo. Kumeneko ndiye anthu anadzuka. Chimene madzi a ku Petauke analephela, ndowa zotayika zinachita. Mzele wonse unamuthamangila, azimayi akutukwana, ana akutsatila amawo, a Daka akubwela m'mbuyo wefuwefu. Dainess anakwela gombe chokwawa, minga ikumung'amba, osaima mpaka pa mtengo wa mkuyu pamwamba. Pomwepo anamugwila.

Sophia ndiye anayamba, khofi la kumaso. Wina anamukoka duku, wina anamuponda m'nthiti. Dainess anagwa n'kuphimba mutu ndi manja. Zinkawawa, koma mumtima ankati menyani, menyani, bola muli kuno.

"Tangokhalani chete!" anatelo a Daka mwadzidzidzi. "Chimenecho n'chani?"

Manja anaima. Kunkamveka kulilima chapatali, ngati malole ambili akutsika pa mseu waukulu wa ku Nyimba. Mbalame zinabuka m'mitengo. Kunabwela kamphepo kozizila, konunkha dothi lonyowa, fungo limene anali ataliiwala.

Dainess anadzuka, magazi ali pamlomo, n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthu amene anamuzungulila. Sophia analipo. Mtsikana wa pakati uja analipo. Ana analipo.

"Eneless ali kuti?"

Anthu anayang'anana.

"Eneless! Ndani waona Eneless?"

Kamtsikana kena kanaloza kumtsinje. "Anabwelela. Anati akatungile anthu madzi amene mwataya, kuti asakumenyeni."

Dainess anawelengela kuti aliyense amuthamangila. Anaiwala kuti pagulu lonselo panali munthu mmodzi amene sakanathamangitsa amake kuti awamenye. Pansi paja, pakati pa mchenga, ndowa za Sophia zinali zitaimikidwa bwinobwino pamphepete pa dzenje, ndipo Eneless sankaoneka. Anali m'kati.

"Eneless! Tuluka! Tulukaa!"

Tsopano onse ankakuwa, Sophia kuposa wina aliyense, a Daka akugwedeza manja m'mwamba. Koma m'dzenje lakuya chonchija munthu amamva chani? Dainess anadumphila kutsetseleko, azimayi n'kumugwila m'chiuno. Anawaluma, anawakanda, koma sanamusiye.

Madzi anatulukila pokhota paja. Sanali ngati madzi. Chinali chikhoma chofiila cha matope, chotalika kuposa munthu, chikukankha mitengo yathunthu ndi mizu yomwe, chikuthamanga kuposa njinga. Dzuwa linali likuwalabe.

Mutu wa Eneless unatulukila padzenje. Anali atasenza ndowa, akukwela mosamala kuti asataye. Anayang'ana kumtunda kumene anthu ankakuwa, anaona amake, kenako anatembenuka n'kuona chimene chinkabwela.

"Taya ndowa! Thamanga, mwanangu, taya!"

Anataya. Anathamanga. Mchenga wouma uja unkamila ndi mapazi, ndipo gombe linali kutali. Anagwa, anadzuka, anatambasula manja ngati mwana wofuna kunyamulidwa. Madzi anamupeza pomwepo.

Amuna amene anabwela atamva phokoso anathamanga m'mphepete kutsata mtsinje, akuitana dzina lake. Azimayi anayamba kulila. Dainess sanalile. Anangoima chilili kuyang'ana pamene panali dzenje, pamene tsopano zigubu zachikasu zinkazungulila n'kumapita. Madzi anali paliponse, ochuluka kuposa amene mudzi wonse unapempha m'mapemphelo chaka chonse.

A Daka anayandikila, chipewa chili m'manja. "Amai, limbani mtima. Zimenezi munthu sangazipewe. Chinali chifunilo cha..."

"Musayelekeze," anatelo Dainess, osawayang'ana. "Mulungu musamuikemo. Febian anaimba. Ine ndinathamanga, ndinagwada pamaso panu. Nthawi inalipo, a Daka. Inalipo yokwanila kuti tonse tikwele kuno, ndi ndowa zomwe."

Dainess anawadutsa n'kuyamba kutsika m'mphepete mwa mtsinje, kutsata kumene madzi ankapita, akuitana mwana wake.