Kaphukusi Kamene Munasiya ku Blantyre

Alamu a Morton, mwanditsekera kunja kwa kompyuta ya malemu amuna anga, achimwene anu, chithunzi chawo chili m'katimo. Mwachita ndinu. Si fumbi la pa Chitakale monga munawauzira a Mustapha a pagolosale.

Chimwalirireni bambo Inocencio, kompyuta imeneyi ndiyo imandidyetsa. Ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito kumaesiteti a tiyi ndi mapulogalamu a maukwati. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma malemu anandiphunzitsa: uyatse, ulembe pasiwedi, basi yatseguka. Pasiwediyo anaika dzina langa, Eufemia.

Ndiye inu munabwera kuchokera kusukulu kwanu ku Blantyre, chimbale chili m'thumba la shati.

"Alamu, makinawa ali ndi laibulale yakale," munatero. "Ndimange yatsopano."

"Yadwala chiyani? Ikutaipa bwinobwino."

"Laibulale ya C ndiye maziko. Pulogalamu iliyonse m'menemu imatsamira pa iyoyo."

"Nanga maziko mukufukuliranji nyumba ili chiimire?"

Munaseka. "Inu zanu n'kutaipa, alamu. Izi tisiyireni ife."

Ndinakuuzani za chithunzi musanakhudze kanthu, musakane. Chapepala chinanyowa denga litadontha, nkhope yonse inasuluka. Chotsala ndi chimene malemu analowetsa mukompyutamo. Ndinakuuzaninso kuti amayi anu akubwera kuchokera ku Milange kumwambo wa chiliza, ndipo ndinawalonjeza kuti abwerera ndi nkhope ya mwana wawo mufulemu. Inu munati, "Sichikhudzidwa chimenecho."

Kumanga kwanuko kunali kukhala pampando wanga n'kumayang'ana timalemba toyera tikuthamanga pasikirini yakuda. Tsiku lonse. Magetsi atathima munayambiranso. A Marcia anabwera ndi pulogalamu ya ukwati wa mwana wawo, ndinawabweza. Inu muli phee, mukudya chinangwa changa, mukuti, "Ikukompaila, musaigwedeze tebuloyo."

Mawa lake munati yatha. Munaizimitsa, n'kuyatsanso. Ndinalemba dzina langa. Yakana. Ndinalembanso pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Yakana.

"Mwalakwitsa sipelo," munatero.

"Dzina langa lomwe?"

Munalemba nokha. Inakukaninso. Apa m'pamene thukuta linayamba kutsika m'khosi mwanumo, kunja kukuwomba chiperoni.

"Alamu, nenani. Mwachotsamo chiyani?"

"Sindinachotse. Kungoti laibulaleyi imakhala ndi timaphukusi towonjezera, tobwera patokha. Poimanga umasankha wekha toti tilowemo. Kamodzi ndinakatenga. Kena, ka kiripiti, ndinakasiya."

"Munakasiya kuti?"

"Pa intaneti, ku Blantyre. Kanali pamalo ena, ndipo pakafe ya intaneti paja anthu anali pamzere kumbuyo kwanga. Komanso analemba kuti n'kosankha."

"Kamagwira ntchito yanji?"

Munayang'ana kudenga ngati yankho lili pamalata.

"Kozindikira pasiwedi."

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni. Kosankha! Munthu umange nyumba, chitseko uike, loko uike, kiyi n'kuti n'kosankha?

Munandilumbirira kuti chithunzicho chikadalimo, kuti mungopita ku Blantyre kukatenga kaphukusiko padisiketi pamodzi ndi chimbale cholowera m'makinamo popanda pasiwedi, mumangenso, zitheke. Ndinakuperekezani ndekha pasiteji. Linali Lolemba la sabata yatha.

Kuyambira pamenepo zii. Ndinapita nayo nkhaniyi kwa a Pilato, okonza makompyuta ku Muloza. Anati, "Mayi, mapulogalamu ali umuwa ndi a Linakisi, amenewo ine sindiwadziwa. Bweretsani ndifufute zonse, ndiike zina, madzulo muzitaipa." Ndinafunsa za chithunzi. Anati nacho chipita. Ndinabwerera. Shopu yanga ndi yotseka mpaka pano, makasitomala anga akukataipitsa kuboma, koma amuna anga sindiwafufutitsa.

Dzulo Rosie, wogulitsa nanazi uja, wandiuza kuti anakuonani ku Likhubula mukukwera phiri ndi anzanu akusukulu, mwavala chipewa. Akuti munamupatsa moni mosangalala. Akuti munamufunsanso ngati ndili bwino.

Sindili bwino, alamu. Amayi anu afika kale. Anawolokera pa Muloza pakabaza, miyendo yotupa, ndipo chinthu choyamba kufunsa asanamwe n'madzi omwe chinali chithunzi. Ndawauza kuti chili mukompyuta. M'mawa uno ndawapeza atakhala kutsogolo kwake, akuyang'ana sikirini yakudayo, akufunsa m'Chilomwe kuti mwana wawo atuluka nthawi yanji. Dzina lanu sindinalitchule. Loweruka kumanda abale onse akadzafunsa, ndidzalitchula, ndipo ndidzafotokoza kaphukusi kanuko monga munandifotokozera ine.

Kalatayi ndapatsa kondakitala amene amakudziwani. Musanditumizire moni. Ndiyankheni chimodzi: disiketi ija muli nayo kapena mulibe, ndipo mufika nayo liti pakhomo pano?