Makolo Obwereka

Chisamba analowa m'chipinda chophunziriramo atanyamula chikwama cha amayi ake, eni akewo ali m'mbuyo akung'ung'udza kuti kuchokera kuchipata n'kutali. Mipando anali ataikankhira m'mbali, pakati n'kusiyapo iwiri yoyang'anizana ngati poweruzira mlandu. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, kungochotsa kutentha pangodya ina n'kukakuika pa ina.

"Ntchito yanu ija ndi imeneyi?" anafunsa amayiwo. "Kukhala pamipando?"

"Khalani apa, amayi. Akuitanani nthawi ikakwana."

Chisamba anali mlangizi wa ophunzira pa yunivesite. Ndiye kuti mwana akasowa maphunziro oti asankhe, kapena mayeso akamugwetsa chagada, amakagogoda pakhomo pake. Sabata yonseyo iye ndi alangizi anzake anali pamaphunziro owonjezera luso, ndipo onse anali atafooka ngati masamba otchola dzana. Wowaphunzitsa anali bambo wina wofatsa amene iwo anam'patsa dzina loti a Mafunso, chifukwa ukawafunsa kanthu ankakubwezera funso linzake. Anawaphunzitsa kuti mlangizi asabisale kuseri kwa tebulo, asasankhire munthu zochita, ndiponso kuti akanena nkhani yowawa atseke pakamwa, adikire mnzakeyo ayankhule.

Tsiku lomalizali linali la makolo obwereka. Mlangizi aliyense anauzidwa kuti abwere ndi munthu wachikulire woti ayerekeze kukhala kholo. Kenako atenge nkhani yeniyeni ya mu ofesi mwake, abise dzina la mwana, aifotokoze kwa kholo lobwerekalo anzake akuonerera. Anthu asukulu ndi otero. Chinthu choti pakamwa pamodzi panene, amayamba achiitanira msonkhano.

Ena anabwera ndi azakhali awo, wina anakoka mlonda wa pachipata. Chisamba anabwera ndi amayi ake omubala, ogulitsa ndowa ndi mabeseni kumsika. Sanavomere msanga. Anayamba amulonjezetsa kuti adzawasenzera katundu tsiku lokaoda, popeza munthu satseka malonda ake chifukwa cha masewero.

Koma Chisamba sanawabweretsere masewero okha. Nkhani imene anasankha inali ya mlongo wake weniweni, Mzime, wotsiriza kubadwa m'nyumba mwawo. Mzime anali atalephera mayeso a uinjiniya kachiwiri, ndipo sukulu inali itamuchotsa m'maphunzirowo. Anapita ku ofesi ya Chisamba n'kuima pakhomo osalowa, ndevu zili nyankhalala.

"Achemwali, amayi mukawauze ndinu. Akakana kundiona, malo ogona akatsekedwa kumapeto kwa sabata ino ine ndilowera kwina. Musadzandifunefune."

Mutu ukakula sulewa nkhonya, Chisamba anavomera. Koma nthawi zonse akafika kunyumba n'kuwapeza amayi atatambalala pakhonde, mapazi atatupa, ankabwerera osawauza. Ndiye anaganiza zoyesa kaye madzi ndi ndodo. Ngati amayi angamumvere chisoni mwana wongoyerekeza, ndiye kuti Mzime ali ndi kolowera.

Ataitanidwa, amayiwo anakakhala pampando wapakati, n'kukonza mpango wawo, manja n'kupinda pachifuwa.

"Mayi, zikomo chifukwa chobwera," anayamba Chisamba. "Mwana wanu mayeso sanamuyendere bwino."

"Sanamuyendere, kapena iyeyo ndiye sanayende?"

Anthu anaseka. Ngakhale amene ankasinza kumbuyo anadzuka.

"Walephera kachiwiri. Malamulo salola kuti apitirize maphunziro amene amachita."

"Malamulo ali ndi mwini wake. Kamuitaneni mwini wakeyo ndilankhule naye."

"Ngakhale atabwera, anena zomwezi."

"Chabwino. Mum'patse chaka china."

"Sizingatheke, mayi."

"Theka la chaka."

"Sizingatheke."

"Ndiye abwereze phunziro lamugwetsalo, enawo mumusungire pambali."

Chisamba anapukusa mutu. Amayiwo anatembenukira kwa anthu aja, manja ali m'mwamba.

"Mukuona? Ine ndikungotsika, a Mlangiziwa sanasunthe ndi chala chomwe. Malonda otani amenewa?"

"Pali khomo lina," anatero Chisamba. "Akhoza kuyamba maphunziro a uphunzitsi. Koma ayambira chaka choyamba."

"Kupita kumadzi ndi ndowa, kubwerako ndi kapu."

A Mafunso anaweramira kwa Chisamba n'kumunong'oneza kuti afunse khololo mmene likumvera mumtima. Chisamba anafunsa monga anaphunzirira.

"Ndikumva kutentha," anayankha amayiwo. "Ndi njala pang'ono. Funsani za nzeru, ine ndasiya katundu ndi anthu."

Pamenepo Chisamba anafunsa funso limene a Mafunso sanawaphunzitse, limene linamudzutsa m'mawa umenewo.

"Mwanayu atafika pakhomo panu ndi chikwama chake, mungamutsegulire?"

Amayiwo anali atakomedwa ndi kuseka kwa anthu. Anawongola msana.

"Pakhomo panga? Ameneyo akagone komwe amagona anzake akuwerenga. Ine dzuwa lindiwambe kumsika, mvula indithere pamsana, iye andibweretsere chikwama? Ndingamuuze kuti mwasochera bambo, pano palibe amene akukudziwani."

Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko. Wina mpaka anamenya tebulo.

Chisamba anakhala chete. Sikuti ankatsata zimene anaphunzira zija, mawu ndiwo anamuthera. Koma a Mafunso anakweza dzanja kuti anthu atonthole, aone mmene mlangizi wabwino amadikirira. Phokoso linazilala. Kunja wina ankakoka tebulo pasimenti.

Amayiwo anadikira kuti ayankhidwe, yankho osabwera. Anamuyang'ana mwana wawo kumaso, kenako m'manja. Zala zake zinali zitagwira mpendero wa bulauzi n'kumaupotokola, monga ankachitira ali wamng'ono akaswa mbale. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono pankhope pawo.

"Amaphunzira chiyani mwanayu?"

"Dzina ndi maphunziro ake sitiulula, mayi."

"Sindikufunsa a Mlangizi. Ndikufunsa iwe."

Chisamba anayang'ana pansi.

"Uinjiniya."

A Mafunso anaomba m'manja, enanso n'kutsatira. Anati sabata yonse sanaone sewero logwira mtima chotero, ndipo anafunsa gulu kuti laphunzirapo chiyani. Manja anakwera. Amayiwo anaimirira, anatenga okha chikwama chawo, n'kutuluka osatsanzika.

Chisamba anawapeza atakhala pakhoma lalifupi kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi mpopi wodontha. Anali atavula nsapato imodzi. Chisamba anaima chapatali ngati mlendo.

"Amayi."

"Unandibwereka kuti ndiseketse anthu pamaliro anga omwe."

"Ndimafuna ndidziwe kaye mmene mungailandirire."

"Ndiye wadziwa?"

Chisamba anasendera pafupi, amayiwo n'kupitiriza.

"Sabata yonse mwakhala mukuphunzira kulankhula ndi anthu. Pakhonde panga pali mpando, pali ine, palibe woombera m'manja. Chinakuvuta n'chiyani?"

"Ndinkaopa."

"Ukanaopa ukanandiika pakati pa gulu?" Anapukuta khosi ndi nsonga ya mpango. "Kumsika dzina langa anthu analiiwala. Amandiitana kuti amake Injiniya. Ngakhale uja wa mapoto amene sitilankhulana, akamandinena amati amake Injiniya. Mawa ndikakhale bwanji pamenepo?"

Ophunzira awiri anadutsa akuseka zawo, mabuku ali kukhwapa. Amayiwo anawatsatira ndi maso mpaka anakhota.

"Wadziwa liti iweyo?"

"Papita masiku."

"Ndipo umabwera kwathu, kudya, kutsuka mbale, kutsanzika."

"Mzime anati ndikuuzeni ndine. Akuti mukakana kumuona, malo ogona akatsekedwa alowera kwina. Akuti tisadzamufunefune."

"Alowera kuti? Munthu woti sadziwa ndi kuchapa kolala ya malaya ake?"

Mawuwo anatuluka mwaukali, koma kumapeto anathothoka. Amayiwo anayang'ana madzi a pampopi akudontha pamwala wobiriwira ndi ndere. Chisamba anafuna kunena kanthu, koma ulendo uno anadziletsa dala.

"Zija ndanena m'katimo," anatero amayiwo mosatembenuka, "wazimva ndiwe ndi anzako amanjawo. Zithere momwemo. Ukakamuuza, iwe ndi ine tidana."

"Sindikamuuza."

"Mwana akakuipitsira pantchafu sudula mwendo. Umatukwana, kenako umafuna madzi." Anavala nsapato ija movutikira. "Uphunzitsiwo, chaka choyamba ndithu? Zaka wakhala kunozi sangamudulireko?"

"Mwina phunziro limodzi kapena awiri. Ndikafunsa, koma sindikulonjeza."

"Ukafunse ngati munthu wofuna chinthu, osati ngati mmene umandiyankhira ine muja. Akakana, usanyamuke pampando."

Mlangizi mnzake wa Chisamba anasuzumira pangodya n'kunena kuti a Mafunso akumudikira, akufuna amuuze mmene wakhozera. Chisamba anati abwera. Mnzakeyo atayang'ana nkhope za awiriwo anabwerera osawonjeza mawu.

"Mzimeyo ali kuti?" anafunsa amayiwo.

"Kogona anyamata. Chipinda chake chili pamwamba penipeni."

"Ndinadziwa. Chilichonse kuno n'chokwera."

Anadutsa bwalo dzuwa lili pamutu, amayi patsogolo ngakhale njira sankaidziwa, Chisamba akuwalozera ndi mawu kuchokera m'mbuyo. Nyumba yogona anyamata inkanunkha sopo ndi nsapato zonyowa. Ena anali atayamba kale kutulutsa matiresi ndi zikwama m'makonde. Amayiwo anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe n'kuyamba kukwera, phazi limodzi, linzake n'kulikokera pomwepo. Pokhota paliponse ankaima, dzanja lili pabondo. Chisamba atafuna kuwagwira mkono anamukankha.

Pamwamba, Chisamba analoza chitseko chakumapeto. M'kati munkamveka munthu akukoka zipi ya chikwama, kuitseka, kuitsegulanso. Amayiwo anaima pamenepo akupuma mwabefu, thukuta likutsika m'masaya. Anakweza dzanja kuti agogode, n'kulibweza. Anatsamira khoma.

"Gogoda ndiwe," ananong'ona. "Koma dikira kaye ndipume. Angaganize kuti ndikulira."