Ndi Kutali, Koma Kuli Khitchini

1.

Pafupi.

Pa foni ya mwana wathu Tiyamike zonse zinali pafupi. Chipatala apa, nyumba yogona apa, pakati pake kamzere kabuluu kosaposa chikhadabo. Ndinaika chala changa chachikulu pagalasi la foniyo ndipo chinaphimba Delhi yense, ndi mtsinje womwe.

Amuna anga a Lufeyo anamwalira ine ndili m'kamzere kameneko, nditakumbatira fulasiki ya phala.

2.

A Lufeyo Kamtedza a ku Machinjiri, amene anapuma ntchito ku njanji, amene anali wapampando wa za maliro m'dera lathu mpaka anthu anaiwala kuti mpandowo unali wochita kusankha, munthu woti maliro akagwa ankafika abale asanafike, kukabwereka mabenchi ku tchalitchi, kutuma anyamata nkhuni, kutulutsa mipando m'nyumba ya siwa kuti azimayi apeze pokhala, kuzazira aliyense amene wangopereka chipepeso n'kubwerera osakhala pansi, munthu ameneyo anayamba kutsamwa ndi nyama, kenako ndi mbatata, kenako ndi nthochi yakupsa yomwe, ndipo adokotala a ku Blantyre atawaunika anati ndi khansa ya kummero, ku India mwina angayese, mwina, ndipo mwinayo anamunena akuyang'ana pawindo koma ine Nasibeko mkazi wawo ndinangomva India basi

3.

Tiyamike anatiwerengera madera atatu tili patebulo.

Loyamba: moyang'anizana ndi chipatala. Kachipinda koyera, bedi, ketulo. Kuphika salola. Ukatuluka, kudumpha msewu basi wafika.

Lachiwiri: Paharganj, pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima. Phokoso losatha, azungu a zikwama kumsana.

Lachitatu: Uttam Nagar, kumadzulo kwa mzinda. Kumakhala anthu akuda ambiri. Kuli mayi wa ku Mchinji, Mai Chikuse, amaluka tsitsi ndipo amasunga odikirira odwala. Kuli khitchini.

Ine ndinati loyambalo, apa palibenso nkhani. Wodikirira wodwala amagona pakhomo pa chipatala. Ngakhale ku chipatala cha Gulupu kuno timayala chitenje pasimenti kuti akaitana dzina tithamange.

Adadi, amayi akunena zoona, anatero Tiyamike.

Inu, bambo a Tiya, munatsokomola, n'kufunsa ndi kamawu kanu kotsala kaja. Nanga phala langa akaphika ndani, Amwenye?

Tinaseka. Mpaka lero ndimadana nako kuseka kumene kuja.

4.

Ndi kutali, koma kuli khitchini.

Zimene munandilongedzetsa:

ufa wa mgaiwa
nsinjiro m'botolo la sobo
kamthiko
sefa
fulasiki yofiira
buku la nyimbo
yunifolomu yanga ya Mvano, ndi mpango wake womwe

Ndinakufunsani kuti yunifolomu ndikavala popita kuti, kodi tikupita ku msonkhano wa amayi? Munati simudziwa Nasibeko, mwina kumeneko kuli tchalitchi. Munthu wamakani inu. Munakhala pabedi n'kumandiyang'ana mpaka ndinaipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi.

5.

Kudzuka, kusefa ufa kawiri kuti pasakhale kambulu ngakhale kamodzi, kuphika lamadzimadzi loti lingadutse pakhosi pa mwana wakhanda, kuthira m'fulasiki, kutsika masitepe a Mai Chikuse, kudutsa tinjira topanikizana tomwe zingwe za magetsi zimalendewera pamutu, kulambalala ng'ombe yogona pakati pa msewu imene palibe amaithamangitsa, kulowa m'siteshoni, kuika chikwama m'makina ounikira, kuthamangira chipinda cha azimayi okhaokha m'sitima, kuima, kuimabe, kutsika, kukwera masitepe oyenda okha amene ndinkawaopa ngati njoka, kusintha sitima, kuimanso, kutuluka panja pomwe mpweya umakumenya kumaso ngati wavundukula uvuni, kukangana ndi wa bajaji, kagalimoto ka mateyala atatu kaja, ndi zala popeza pakamwa sitimvana, kukhala pamzere wa magalimoto umene suoneka kumene wayambira, hutala, hutala, hutala, ndipo pofika pachipata cha chipatala dzuwa lili paliwombo ndipo nthawi yoonera odwala yayamba kale kudyeka

Pa foni panali pafupi.

6.

Anakugonekani m'chipinda cha odwala kwambiri, momwe wodikirira amangolowa pa nthawi yake n'kutuluka. Fulasiki ndinkaibisa m'chitenje ngati ndaba.

Siyani pamenepo, ndimwa likazizira.

Tsiku ndi tsiku mawu omwewo. Kapaipi kamene anakuikani pamimba ndinkakaona, sindine wakhungu. Koma ndikalowanso madzulo fulasiki ndinkaipeza yopanda kanthu, yotsukatsuka, ndiye ndinkati mwina akumameza pang'onopang'ono, mwina mankhwala agwira. Ndinkanyada. Ndinkauza Mai Chikuse kuti amuna anga sangadye za munthu wina, ndipo iwo ankangoweramira mutu umene akuluka.

Sindinafunsepo amene ankatsuka fulasikiyo.

7.

Pa bedi loyandikana ndi lanu panali bambo wa ku Kongo. Mkazi wake ankagona m'kachipinda kaja ka moyang'anizana ndi chipatala, kamene ine ndinasankha. Ankabwera atavala patapata, kumaso kuli mbee, wopanda thukuta ngakhale dontho. Chilankhulo sitinkamvana, tinkangopatsana moni wa mutu.

Ndinkamuchitira nsanje, ndinene zoona. Nsanje yeniyeni, yowawa pamtima.

Tsiku limene mwamuna wake anatsirizika, achipatala anamuimbira ndipo anangodumpha msewu. Anamugwira dzanja mpaka kumapeto. Kenako anatuluka m'khonde, anafuna kulira mokweza, anayang'ana uku ndi uku, anthu akungodutsa ndi mapepala awo, ndiye anatenga nsonga ya nsalu n'kuifwatika m'kamwa. Ine ndinamugwira paphewa. Nthawi yanga yoonera wodwala inali kutha.

Ndinamuona pawindo akudumpha msewu kubwerera, nsapato za mwamuna wake zili m'jumbo.

Inunso munamuona, bambo a Tiya. Munatembenuzira mutu kuwindoko nthawi yaitali.

Koma iye analipo. Ine ndimabwerera pomwepo: iye analipo.

8.

Ndisamuke, bambo a Tiya. Chipinda cha mayi wa ku Kongo uja chili chopanda munthu.

Phala.

Phala, phala, kodi munakwatira phala? Msewu uwu undipha ine musanachire inu. Akadzaitana ndili kutali?

Munaseka, koma kuseka kwanu kunalibenso mawu, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Munandigwira chala, n'kunena kuti, Nasibeko, mwandimvera zaka zonsezi pa zinthu zopusa, ndimvereninso pa ichi.

Ndinamvera. Pa zonse zimene ndinachita m'moyo wanga, kumvera kumeneku ndiye kumandidya.

Ndi kutali, koma kuli khitchini.

9.

Mvula.

Mkazi wina wachikuda ali m'bajaji, fulasiki yofiira pamiyendo. Madzi afika m'maondo pansi pa mlatho. Magalimoto aima. Woyendetsa wazimitsa injini ndipo akutafuna zinthu zake zofiira.

Foni. Chizungu chofulumira cha namwino, akumvamo mawu amodzi okha, bwerani msanga.

Akutsika. Akuyenda m'madzi, nsapato imodzi yatsalira m'matope, sakubwerera. Akufunsa njira, akumulozera uku, wina akumulozera uko. Akuthamanga mmene amathamangira mayi wa zaka zake, chitenje chikumata m'miyendo.

Foni kachiwiri. Ulendo uno namwino akulankhula pang'onopang'ono.

Mkazi uja waima pakati pa msewu ndipo njinga zamoto zikumulambalala. Fulasiki sanaitaye.

Mkazi ameneyo ndine.

10.

Anakutsekani maso ndi mlendo.

Inu amene munatseka maso a anthu theka la Machinjiri, amene munkawongola miyendo ya amene abale awo akuopa kukhudza, anakutsekani maso ndi mtsikana wachimwenye amene ngakhale dzina lanu ankalitchula mokhotakhota. Anachita bwino ntchito yake, sindimunena. Anakumangani chibwano mwaulemu. Koma manja amenewo anayenera kukhala anga.

Ndinatsegula fulasiki, sindikudziwa chifukwa chake. Phala linali likadali lotentha.

11.

Pobwerera ndinkaganiza za mayi wa ku Kongo, ndipo nsonga ya chitenje ndinali nditaigwira kale m'dzanja.

Nditakhota pa kanjira ka kwa Mai Chikuse ndinaona mipando ili panja. Sofa yaimikidwa chakhoma, tebulo lolukira tsitsi lili pamasitepe. Anyamata akwathu ophunzira kumeneko akhala mondondozana pakhonde, zipewa zili m'manja. Achipatala anali ataimbiranso Mai Chikuse, chifukwa nambala yachiwiri imene munalembetsa inali yawo.

M'nyumba munali mutayalidwa mphasa ndi mabulangeti. Azimayi. A ku Lilongwe odikirira ana awo, a ku Chipata, wina wa ku Tete, wina wa ku Karonga amene sindinamuonepo chiyambire. Onse m'zitenje, mitu yomanga. Atangondiona pakhomo anayamba ndi iwo kulira, kuti ine ndisachite manyazi kuyamba.

Wina anandivula nsapato yotsala ija. Wina anandimanga chitenje m'mimba mothina, monga timachitira kwathu kuti munthu asagwe. Mai Chikuse anandilanda fulasiki n'kukaiika kutali.

Lirani, mayi. Mwini nyumba tinalankhula naye kale. Lirani mmene mungathere.

Ndinalira. Ndinakuitanani ndi mayina anu onse, ndinakutukwanani, ndinagubuduka pamphasa, ndipo nyimbo zinandinyamula monga mmene zimanyamulira munthu ku Machinjiri. Amwenye oyandikana nafe anasuzumira m'mawindo, ndipo mayi wina wachikulire anatsika ndi ketulo ya tiyi wa ginja n'kukhala pansi pakhomo.

Sanandisiye ndekha mpaka tsiku lokwera ndege. Za mapepala a thupi anayendetsa anyamata aja. Pa mapemphero otsanzikana azimayi anati ndivale ya Mvano, ndipo inali pomwe paja, pansi penipeni pa sutikesi.

12.

Ine ndine Tiyamike.

Chibwerereni amayi, anthu amene ali ndi wodwala wopita ku India amabwera kwathu kudzafunsa. Amawakhazika pakhonde, amawapatsa thobwa, ndipo yankho lawo silisintha. Nthawi zina amalankhula mpaka mlendo kuchita mantha.

Ine ndimakhala chete, chifukwa foni inali yanga ndipo kamzere kabuluu ndinawaonetsa ndine. Amayi sanandinenepo, koma fulasiki yofiira anaiika pamwamba pa kabati pomwe tonse timaiona tikamadya.

Chinthu chimodzi chimandizungulira m'mutu. Madera awiri oyamba aja ndinawapeza ndekha pa intaneti. Lachitatulo ayi. Nambala ya Mai Chikuse anandipatsa ndi adadi, anati anaitenga kwa mnzawo wa ku tchalitchi, ndipo anati ndiwerenge deralo pomaliza ngati ndangolipeza.

Ndinkayesa ndi nkhani ya phala.

13.

Malangizo a Nasibeko kwa opita ku Delhi ndi wodwala:

Gonani pakhomo pa chipatala.
Musakhulupirire foni.
Wodwala akati akufuna phala, muuzeni amwe tiyi.
Musamvere.
Gonani pakhomo pa chipatala.

Amandifunsa kuti nanga anthu akwathu kumeneko mulibe nawo ntchito? Ndimati anthu ndi abwino, Mulungu awadalitse, anandilirira ngati mbale wawo. Koma anthu sabweza mphindi imene ija.

Sindinakukhululukireni, bambo a Tiya. Ndimakusowani mpaka kupweteka m'mafupa, koma sindinakukhululukireni. Munagulitsa dzanja langa ndi phala.

0.

Ine ndine Mai Chikuse, wa ku Mchinji, woluka tsitsi ku Uttam Nagar. Izi zinachitika iwo asananyamuke ku Malawi.

Inali nthawi ya masana, ndili pakati poluka mutu wa kasitomala. Foni yochokera kwathu, bambo wa mawu okwekwerezeka, ankapumira pakati pa mawu. Anati ndi a Kamtedza, akazi awo apita kumsika ndiye alankhule msanga.

Anthu akamaimba amafunsa za bedi, za madzi, za mtengo. Awa sanafunse chimodzi mwa zimenezo. Anafunsa kuti azimayi akwathu alipo ochuluka bwanji kumeneko. Ngati amabwera wina akaferedwa, kapena amangotumiza uthenga pa foni. Ngati amagona pa siwa. Ngati alipo wodziwa kuyambitsa nyimbo. Ngati chipinda chochezera chingakwane anthu mipando itatulutsidwa. Ngati mwini nyumba angalole munthu kulira mokweza.

Ndinasiya tsitsi la mwiniwake lili theka n'kutuluka panja.

Bambo, kodi adokotala akuuzani chiyani?

Andiuza zoona ndili ndekha. Koma mayi a kunyumba sangakhale pansi tisanayese India, ndiye tibwera.

Komatu kuno ndi kutali ndi chipatala. Tsiku lenilenilo akhoza kusapezekapo.



Ndikudziwa, anatero. Adzandikwiyira, ndipo adzalondola. Koma ine ndaika maliro ambiri, mayi. Wakufa sakumbuka amene anamugwira dzanja. Wotsalayo ndi amene amapenga akalira yekha m'chipinda chotseka, m'dziko la eni. Nasibeko akalira amafunika anthu anayi omugwira.

Anandilumbiritsa kuti sindidzawauza, ndipo mpaka lero sindinawauze. Ndinangofunsa kuti nanga akadzandiimbira okha, kufunsa chifukwa choti agone kutali chonchi, ndidzati chiyani.

Anatsokomola nthawi yaitali. Kenako ndinamva chitseko chikutseguka kumbali yawoko, ndi mawu a mzimayi akudandaula za mtengo wa tomato.

Abwera, ananong'ona. Mudzangowauza kuti kuli khitchini.