Zilembo za Pazenera

Atupele, mwini ukwati, ndiye anasankha hotelo ya ku Partick, kutsidya kwa nyanja, yoti agonemo achibale ake ochokera ku Zomba. Bambo ake, a Ephraim Nyirenda, atatsika basi n'kuona makwerero amiyala aja, anawazindikira nthawi yomweyo. Inali nyumba yomwe anafikiramo mu 2003 ali pasukulu, masiku amene anthu ankagonamo anayianayi m'chipinda, chimbudzi chimodzi nyumba yonse. Tsopano pakhomo panali chikwangwani chamkuwa chonena kuti nyumbayo ndi ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ndipo lamulo limaiteteza.

Bwana wa hoteloyo, Bruce, anawayendetsa alendowo monyadira. M'chipinda chapamwamba anawaonetsa zilembo E.N. zogobedwa pathabwa la zenera, zotchingidwa ndi galasi. Anati anazilemba mmisiri wa sitima wa ku Ireland cha m'ma 1890.

"Ndinalemba ndine, ndi kiyi," anatero a Nyirenda. "Kunazizira tsiku limenelo, manja anasowa chochita."

Bruce anafiira nkhope. Anapepesa kuti za mmisiriyo sangazisinthe poti zinasindikizidwa kale m'timabuku, koma anawapempha kuti adzayankhule pa tsiku lokumbukira mbiri ya nyumbayo.

A Nyirenda, pokhala mkulu wa mpingo, anakonzekera sabata yathunthu ngati ulaliki. Tsikulo anavala suti ya paukwati n'kunena zonse osapsatira: makoma otuluka madzi, makoswe odya buledi m'chikwama, ndi mnzawo Fiskani amene chifuwa chinamubweza kumudzi asanalembe mayeso. Anthu, matambula a vinyo ali m'manja, ankangogwedeza mitu, ndipo a Nyirenda atamaliza anawawombera m'manja nthawi yaitali.

Mayi wina wachikulire anawagwira dzanja, misozi ili lengelenge. Anati iye akudandaula kuti anaidziwa mochedwa nyumbayo, akanakonda kuiona kale ikadali ndi moyo wake weniweni.

A Nyirenda anamuyang'ana, nafuna kubwereza nkhani yonse, poganiza kuti mwina Chingerezi chawo sichinamveke. Koma woperekera zakudya anali atafika kale ndi mbale ya tinsomba tapabisiketi, mayi uja n'kutembenukira komweko. Iwo anathokoza mwaulemu, anatenga jekete lawo, nakakwera basi ya ku Maryhill, kumene ankakhala Atupele.