Dokowe Amene Nevena Anamuona Yekha

Ulusi umene unali pamkono pa Ottavia anaupota ndi Nevena. Anaupotera kwawo ku Yambol, atakhala pabedi, nsonga imodzi ataikola ku chogwirira cha chitseko: wofiira ndi woyera, pakati n'kuikapo kamkanda kabuluu. Anapotera Ralitsa, mnzake wa kuyambira tsiku loyamba la sukulu, ndipo anamumanga nawo yekha pa siteshoni m'mawa wa pa 1 Malichi, pamene ankanyamuka. Ralitsa naye anamupatsa martenitsa yake, monga amautchulira kwawo ulusi wopatsana pa tsikuli, yogula pa kabenchi ka kuseri kwa depoti, koma Nevena sanaone vuto. Chachikulu n'chakuti wakumanga ndani.

Sukulu anamaliza limodzi chaka chathachi. Nyengo yonse yozizira Nevena ankakanda buledi kwa azakhali ake, Ralitsa akugulitsa mafoni, kuti apeze ya ulendowu. Kutsogoloku Ralitsa ankapita ku yunivesite ku Varna, Nevena n'kutsala. Ndiye anapangana kuti akwera sitima mpaka njanji itathera, ku Lisbon, akaone nyanja yaikulu ali awiri, basi. Ntchito anagawana osakambirana. Nevena ankadziwa nthawi ya sitima ndi kudzutsa mnzake. Ralitsa ankalankhula. Chingerezi Nevena anali nacho, mwinanso choposa cha Ralitsa, koma chinkakhala m'mutu. Chikafika pakhosi chinkabwerera.

Ottavia awiriwo anamupeza ku Valencia, kapena tinene kuti iyeyo ndiye anawapeza, m'khitchini ya hositelo, akuthyola supageti pakati kuti akwane m'kapoto. Anagwira kumutu ngati wamva uthenga wa maliro. Anati kwawo ku Lecce munthu amathamangitsidwa panyumba pa mlandu woterowo. Ralitsa anaseka mpaka kukhala pansi. Tsiku limenelo anadya atatu. Mawa lakenso atatu. Atafika ku Seville, Ralitsa, amene ulendo wonse ankagona bedi lapamwamba pa Nevena n'kumalendewetsa dzanja pofuna kumuuza kanthu, anaponya chikwama chake pa bedi lina la kuzenera, loyang'anizana ndi la Ottavia. Pa bedi lapamwamba pa Nevena panagona mnyamata wa ku Korea wa mkonono.

M'mawa womaliza ku Seville akumwa khofi, Ottavia anafunsa za ulusi. Ralitsa anali nawo wambiri pamkono: wa amayi ake, wa mchimwene wake, wa anzake a kushopu. Anafotokoza mwachidule kuti umavala mpaka utaona dokowe woyamba wa chaka, kenako umavula n'kukamanga pamtengo wamaluwa. Ena amavula akangoona mtengo wamaluwawo, anatero, koma kwathu timati chimenecho n'chinyengo.

"Ndiye ine bwanji mwandimana?" anatero Ottavia, akutambasula mkono.

Ralitsa anasanthula ulusi wake ndi chala, n'kumasula wa kamkanda kabuluu.

"Umenewo ndi wanga," anatero Nevena m'chinenero chakwawo, maso ali m'kapu.

"Unali wako. Unandipatsa."

"Martenitsa yopatsidwa supatsanso munthu wina."

"Lamulo limenelo walipanga pompano, gogo. Ukufuna ndimupatse ya amalume a Stoyan, yothimbirira ngati chigamba iyi? Yakoyi ndiye yokongola."

Ottavia ankamwetulira, akuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo, osamva kanthu. Ralitsa anamumanga, mfundo ziwiri. Kenako nkhani inasintha. Ottavia ankapita ku Porto, kumene mnzake anali ndi nyumba yokhala ndi khonde loyang'ana kumtsinje. Njira inali imodzi mpaka pa siteshoni ya Entroncamento, pamene sitima za ku Lisbon zimatsika kumwera, za ku Porto n'kukwera kumpoto. Malo ogona analipo, anatero Ottavia, atatu akwana. Ralitsa sanakane. Anangoti, "Tiona," ndipo Nevena ankamudziwa bwino "tiona" ameneyo.

M'sitima Nevena anakhala kuzenera. Masiku onse mpando umenewo ankausiyira Ralitsa, koma lero analowa msanga n'kukhalapo, chikwama pakati pa miyendo. Ralitsa sanazindikire n'komwe. Anakhala mbali inayo ndi Ottavia, akumvera nyimbo pa foni imodzi, wina khutu lamanja, wina lamanzere, mitu itatsamirana.

Nevena ankasaka dokowe. Ankadziwa kuti n'zachibwana, ndipo akanafunsidwa akanakana. Koma m'mutu mwake zinali zitakhazikika motere: ulusi uja ukangochoka pamkono paja, Ottavia abwerera kukhala mlendo wa m'hositelo, ngati anthu ena onse aja amene anadya nawo tsiku limodzi n'kuiwala maina awo. Ndiye ankayang'ana nsonga za mapolo a magetsi, madenga a matchalitchi, m'mphepete mwa madamu a ng'ombe. Sitima inakwera mapiri pang'onopang'ono, ikuima pa masiteshoni opanda munthu. Kunali mitengo ya maolivi, nkhumba zakuda pansi pa mitengo, mbalame zing'onozing'ono zopanda ntchito. Maso anayamba kumuwawa. Sangweji yake anaidya osaiyang'ana.

Atapitirira Zafra anamuona. Dokoweyo anaima yekha m'munda wongolimidwa kumene, kumbuyo kwa thirakitala, akuyenda modzikuza ngati mwini munda.

"Dokowe," anatero Nevena, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. Bambo wina wa chipewa anatembenuka. "Rali, dokowe uyo. Miyendo yofiira, taona. Muuze ayang'ane."

Pofika poti achotse za m'makutu, adzuke, awerame pazenera, sitima inali italowa pakati pa zipupa ziwiri za dothi. Itatuluka, kunali munda wa mpesa.

"Ali kuti?" anafunsa Ralitsa.

"Anali pomwepo."

"Ine sindinamuone." Anafunsa Ottavia m'Chingerezi, Ottavia n'kupukusa mutu. Ralitsa anabwerera pampando wake. Kenako nkhope yake inawala. "Koma iwe wamuona. Mwayi wako, mtsikana. Vula."

"Nanenso ndivule?" anafunsa Ottavia.

"Ayi, iwe sunamuone. Amavula amene waona."

Nevena anayang'ana ulusi wa pamkono pake. Zimenezi ankazidziwa kuyambira ali mwana, koma m'mawa wonse sanaziganize.

"Mwina anali kakowa," anatero.

"Kakowa wa miyendo yofiira? Wanena wekha. Bweretsa dzanja, usatibweretsere tsoka paulendo."

Mfundo inali itauma ndi sopo wa m'mabafa ambirimbiri. Ralitsa anaimasula ndi mano, mpweya wake ukufunda pamkono pa Nevena, n'kumuika ulusiwo m'manja. Pamene unali panatsala kamzere koyera. Ottavia anawomba m'manja pang'ono, kumuyamikira. Kenako awiriwo anabwezera za m'makutu. Nevena anakhala ndi mkono wopanda kanthu, akuyang'ana kamkanda kabuluu kakugwedezeka nthawi zonse pamene Ottavia ankamenya chala pabondo kutsatira nyimbo.

Sanafunikirenso kusaka. Sitima ikulowa mu Mérida, pa zipilala zakale za m'mbali mwa njanji panali zisa, chisa pamwamba pa chipilala chilichonse, adokowe ataimirira, ena akutera, ena akumenyetsa milomo. Ottavia ndiye anayamba kuwaona. Anakoka Ralitsa pamalaya, onse awiri n'kukanikiza mphuno pagalasi limodzi.

"Tawaona limodzi," anatero Ottavia. "Kodi zimenezi zili ndi tanthauzo?"

"Zili nalo," anatero Ralitsa. Nevena ankadziwa kuti zilibe.

Anali ndi nthawi yodikira sitima ina, ndiye anatuluka panja pa siteshoni ndi zikwama kumsana. Mumsewu munali mitengo ya malalanje, maluwa ake akununkhira mpaka kumutu. Ralitsa anavula wake wonse, natenganso wa Ottavia, n'kumanga zonse pa nthambi imodzi, wa kamkanda uja pakati. Zimene Nevena ankafuna zinachitika: mkono wa Ottavia unali wopanda kanthu. Koma tsopano Ottavia ankajambula nthambiyo, kenako nkhope zawo ziwiri pansi pa nthambiyo.

"Neni, bwera umange wako apa, malo alipo," anaitana Ralitsa.

Nevena anakamanga wake pamtengo wina, wachitatu kuchoka pamenepo, umene unalibe maluwa ambiri. Ali mkati momanga anamva munthu kumbuyo kwake. Anali Ottavia.

"Ralitsa wandiuza kuti unapota ndiwe," anatero pang'onopang'ono, monga ankachitira nthawi zonse polankhula naye, ngati akulankhula ndi mwana kapena wodwala. "Sindinadziwe. Unali wokongola kwambiri. Ku Porto undiphunzitse, tikagule ulusi."

M'mutu mwa Nevena munali yankho lalitali, la Chingerezi cholongosoka. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Chabwino." Akanakonda Ottavia akanakhala munthu woipa.

Anasinthanso ku Badajoz, n'kukwera kasitima kobiriwira ka chipinda chimodzi, konunkha dizilo. Ottavia anagona, kamwa pululu. Ralitsa anadzuka n'kudzakhala pafupi ndi Nevena, namugunda ndi phewa.

"Tiye tipite ku Porto tonse. Masiku awiri, atatu, kenako Lisbon."

"Tinati Lisbon."

"Lisbon ikuthawa? Yaikidwa mateyala?"

"Tinati awiri."

"Ndiye iweyo wapita kuti? Sindinati utsale." Ralitsa anamuyang'ana kwa kanthawi. "Ukuganiza kuti sindinakuone? M'mawa wonse mphuno pazenera ngati galu wa m'galimoto. Iwe umagona sitima isananyamuke n'komwe. Umafuna avule, eti?"

Nevena ankakanda kamzere koyera kaja ndi chikhadabo.

"Ulusi, Neni. Ulusi wa ubweya."

"Ndinaupota katatu. Kawiri konse unkapindika."

"Ukanandiuza."

"Ndinakuuza. Unati ndine gogo."

"Chifukwa ndiwe gogo." Ralitsa anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anatsitsa mawu. "Ukudziwa chimene chimanditopetsa? Hositelo iliyonse ndine wofunsa makiyi. Ndine wofunsa kuti bafa lili kuti. Anthu akatifunsa kwathu, umandiyang'ana ine. Ndikaseka ndi munthu, ndikatembenuka ndimakupeza wakhala pabedi ngati ndakumenya. Ku Varna ndizikafunsanso chilolezo kwa iwe?"

"Ine ndikupita ku Lisbon," anatero Nevena.

Ananena akudziwa kuti Ralitsa sangathe kuyenda popanda iye. Ulendo wonse sanayang'anepo nthawi ya sitima, sankadziwa n'komwe polembera sitima yatsopano pa tikiti ya m'foni mwake. Akwiya, atukwana, kenako abereka chikwama n'kumutsatira, monga anachitira ku Naples atakangana za mapu.

Pa Entroncamento mphepo inkawomba, njanji zili mbwee mbali zonse. Ralitsa anafotokozera Ottavia mawu ochepa. Ottavia anayang'ana Nevena. Kenako anatenga foni ya Ralitsa, kudina apa ndi apo, n'kumubwezera. Sitima ya ku Porto inali italowa pa tikiti. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumanga chingwe cha nsapato.

Ralitsa anagwada n'kutsegula chikwama chake papulatifomu. Zinthu zambiri anali nazo chimodzichimodzi chogwiritsa ntchito onse awiri, pofuna kuchepetsa katundu. Anatulutsa mankhwala otsukira mano, kaloko ka pa kabati, botolo la lutenitsa, phala la tomato ndi tsabola lophika amayi a Nevena, limene linatsala pansi penipeni, ndi tchaja.

"Tchaja tenga iwe," anatero Nevena. "Foni yako sichedwa kutha."

"Ottavia ali nayo."

Anamuika zonse m'manja, n'kuimirira. Anamukonza lamba wa chikwama amene anali atapindika paphewa.

"Ukafika unditumizire uthenga. Ndipo ukalankhule, wamva? Sakuluma. Ndibwera, ndakuuza, masiku awiri kapena atatu."

"Awiri kapena atatu?"

"Neni."

Ya ku Lisbon ndiyo inayamba kufika. Nevena anakwera, n'kukhala mbali imene pulatifomu inkaonekera. Ralitsa anaimika dzanja mpaka sitima inayamba kuyenda. Isanathe n'komwe kutuluka mu siteshoni, Nevena anamuona akutembenukira kwa Ottavia, amene ankamuonetsa chinachake pa foni, mitu n'kuyandikana.

Anaika botolo la lutenitsa pamiyendo, n'kuligwira ndi manja awiri. Ku hositelo ya ku Lisbon anali atasungitsa mabedi awiri, lapansi ndi lapamwamba, ndipo pakhomo padzakhala munthu wofuna kudziwa kuti winayo ali kuti. Anayamba kukonza mawu m'Chingerezi, akugwedeza milomo popanda phokoso. Dzina langa ndi Nevena. Ndinasungitsa mabedi awiri. Ndabwera ndekha. Mawu omalizawo anawayesa kangapo, koma sankatuluka bwino. Anawasintha. Mnzanga abwera mawa, chonde bedilo musapatse munthu wina. Amenewa anatuluka. Anawabwereza mpaka sitima inafika pa siteshoni yotsatira, ndipo mayi wina atamufunsa ndi chala ngati mpando wa pambali pake unali ndi munthu, Nevena anachedwa pang'ono asanachotsepo jekete yake.